Kalamba Kofiira pa Kakolo

Lachisanu, 7 Febuluwale

Andigoneka m'chipatala masana ano. Ndikulemba m'kabuku komwe ndimalembamo mkaka wa ng'ombe zathu, chifukwa ndi kokhako kanali m'thumba la jekete pamene Wes, mwamuna wanga, amandikweza m'galimoto chipale chofewa chili mbuu. Tsamba lapitalo lili ndi malita a ng'ombe makumi asanu ndi atatu. Tsamba lino ndi la ng'ombe imodzi, dzina lake Jolene Hoekstra, ineyo.

Kutentha kwa thupi 39.6. Bere lakumanzere ndi lofiira, lolimba gwa, lotentha. Nsonga za mawere onse awiri zang'ambika, yakumanzere ikutuluka magazi ndi timafinya. Mwana wanga Tessa ali ndi masiku khumi ndi awiri, ndipo kuyambira tsiku lachitatu ndakhala ndikumuyamwitsa nditaluma thaulo.

Dokotala Pham, mayi wochepa thupi wolankhula mothamanga, wafunsa chomwe ndimapaka. Ndamuuza zoona: mafuta a m'chitini omwe timapaka mawere a ng'ombe akang'ambika ndi chisanu. Alimi a kuno ku Ontario timawapaka paliponse, m'manja, m'milomo, ngakhale pachitseko chikamalira. Sanaseke. Wati mabalawo ndiwo atsekulira tizilombo njira. Matendawa ndimawadziwa, ndawachiza kambirimbiri m'khola, kungoti sindinaganizepo kuti angandipeze ine.

Diripi ya mankhwala kanayi pa tsiku. Kukama ndi makina maola atatu aliwonse kuti bere lisadzaze. Mafuta opaka abwera mawa, akuchita kusakaniza. Ananenanso zina, koma mutu umazungulira, zinandipita.

Tessa wabwerera kunyumba, chifukwa sindingathe n'kumunyamula komwe. Wes ali ndi khola lonse yekha, ndiye mwana ali m'manja mwa bambo anga, a Henk. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anandilera ndi bambowo, theka m'nyumba theka m'khola.

Tessa pobadwa 3,400 g. Lero 3,150.

Loweruka, 8 Febuluwale

38.9.

Pabedi lakuwindo pali mayi Pauline Beaudry. Anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi atatu, tsopano anawaika bondo lachitsulo ndipo bala latukusira. Pakamwa pawo sipazizira. Nditangoyatsa makina anakoka katani.

"Iwe mwanawe, chikulira icho n'chiyani? Ndimayesa ndafa ndadzukira m'khola."

"Ndi makina okamira, mayi."

"Ukatha undigawireko wothira mu tiyi. Wa pano ndi madzi okhaokha."

Mafuta afika. Kabotolo koyera, dzina langa pamwamba, mankhwala atatu m'kamodzi: wopha tizilombo ta pabala, wochotsa kutupa, ndi wa tizilombo tina tija timayabwitsa. Namwino wati ndizipaka pang'ono ndikatha kukama, pangonyezimira basi. Papepala lake palembedwa kuti osapukuta. Zomveka, ukapaka usapukute. Koma nthawi yokama ikakwana bere limayamba latsukidwa, zimenezo sizifunika dokotala. Madzi ofunda, sopo, kansalu, kukwecha mpaka pauma. Ululu wake umafika ku zala zakumapazi, koma ndikuchita kasanu ndi katatu pa tsiku osaphonya.

Kumanja 40 ml, kumanzere 15, nthawi iliyonse pafupifupi choncho. Namwino amafunsa kuchuluka kwake, ndimamuwerengera m'kabuku, amayamikira kuti sanaonepo wodwala wolemba bwino chonchi. Mkakawo wonse ndikuthira m'sinki.

Ndamusowa mwana wanga.

Lamlungu, 9 Febuluwale

38.2. Aunika bere ndi makina kuona ngati muli chithupsa. Mulibe. Kufiira kwabwerera pang'ono kuchoka pamzere womwe anajambula ndi cholembera Lachisanu. Koma nsonga zikuipiraipira, nkhanambo ikangoti iyambe yachoka. Namwino wadabwa, wati ambiri mafutawa amayamba kuwathandiza msanga.

Wes wabwera atatha kukama kwa m'mawa, akununkhabe khola ngakhale anasamba. Wabweretsa msuzi wa nsawawa wa soseji womwe bambo amaphika mphika umodzi wa sabata yonse, ndi maswiti oyera aja timadya m'tchalitchi ulaliki ukatalika. Wati Nambala 14, ng'ombe yomwe bambo amanyadira kuposa ana awo, yatulutsa malita 52. Kenaka wapisa m'thumba n'kutulutsa kalamba kofiira ka m'khola.

"Tatambasula mwendo, Nambala 81, ndingakusokoneze ndi zinzako."

Ndaseka mpaka bere kuwawa. Wandimanga pa kakolo.

"Koma abale," atero mayi Pauline. "Malemu mwamuna wanga ankabwera ndi maluwa. Awa akubwera ndi chomangira ng'ombe. Bambo inu, mulibe mkulu wanu wosakwatira?"

Ndawafotokozera. Ng'ombe ikalandira mankhwala timaimanga kalamba kofiira kumwendo, mkaka wake sulowa m'thanki mpaka masiku atakwana. Timaukama, timautaya. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ndinalumikiza ng'ombe ya kalamba ku paipi ya thanki. Bambo sanandikalipire. Anangonditengera kuthanki, n'kundigwiritsa chotsekulira, malita zikwi zitatu n'kupita m'ngalande ine ndikuyang'ana. Anati, "Uwu ukanamwedwa ndi mwana wa munthu." Kuchokera tsiku limenelo thanki yathu sinabwezedwepo, zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndimanena zimenezi mutu uli m'mwamba. Kalamba amamanga aliyense, koma omasula ndi bambo okha.

"Ndiye ukulira chonchi pokama, kenaka n'kukatsanulira m'sinki?"

"Ndi wa mankhwala, mayi."

"Kaya. Anga ndinawalera ndi botolo, sindingakuphunzitse."

Za Tessa sizoseketsa. Mkaka wa m'chitini akuukana, akamwa pang'ono akubweza. Bambo ayesa mabotolo a mitundu itatu, ayesa chala monga timaphunzitsira thole la ng'ombe. Wes wati mwanayo akungogona, salira mwamphamvu ngati kale. Wandifunsa kuti masiku anga akwana liti. Tawerengera limodzi: diripi ithe, mapiritsi masiku khumi, kenaka masiku odikira. Tonse tagwedeza mutu ngati anthu odziwa ntchito yawo.

Mkaka wa lero 520 ml.

Lolemba, 10 Febuluwale

37.6. Lero ndilemba zambiri. Manja ali ndi mphamvu, ndipo mumtima muli zoti zituluke.

Wes wabwera ndi Tessa kusikelo nthawi ya 9. Nditamunyamula ndinamva kuti wapepuka. Timasaya taphwa, khungu la m'mikono lachita makwinya. 3,020 g.

Dokotala Pham sanazungulire. Mwana watsika kupitirira malire. Akhala m'chipinda muno ndi ine kuyambira lero. Pofika Lachitatu m'mawa ngati sikelo sikwera, apita naye kuchipatala chachikulu cha mumzinda, ulendo wa ola limodzi, akamuike kapaipi m'mphuno, ine ndidzatsala pano ndi diripi yanga.

Kenaka walowa Rhonda, namwino woona za kuyamwitsa, yemwe sagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu. Mayi wamkulu thupi, waimvi, wosafulumira.

"Chabwino, tiyambire apa. M'firiji muli mabotolo angati? Timupatse wa mayi ake pompano."

"Mulibe."

"Amuna anu amatenga kupita nawo kunyumba?"

"Ayi."

"Nanga uli kuti?"

"Afunseni sinki," atero mayi Pauline kuseri kwa katani. "Ndiyo yanenepa sabata ino."

Rhonda anasuntha bulangeti kuti akhale pabedi, n'kuona kalamba pa kakolo panga. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Agogo anga anali ndi ng'ombe khumi ndi ziwiri, kameneka ndikukadziwa," anatero. "Jolene, mwataya wochuluka bwanji?"

Ndinatsekula kabuku. Kuyambira Lachisanu, 1,190 ml. Ndinawerenga mokweza, ngakhale nkhope yake inali itandiuza kale.

Sanandinyoze. Wati mankhwala a m'diripiyi anachita kusankha oti mayi aziyamwitsa ali nawo, ndipo dokotala ananena zimenezi Lachisanu. Ndi zija zinandipita.

"Lamulo lanu la thanki ndi labwino, ana anga anakula ndi mkaka wa anthu ngati inu. Koma pano si m'khola. Mkaka wanuwo ndiwo mwanayu akulirira. Tsopano tandionetsani mmene mumakamira."

Ndinatenga sopo ndi kansalu.

"Imani pomwepo! Mukuchita chiyani?"

"Ndikutsuka."

"Nthawi iliyonse?"

"Kasanu ndi katatu pa tsiku."

Anagwira mutu. "Mayo ine. Mafutawo akumanga khungu latsopano, inu mukubwera ndi kansalu kudzagumula. Mukapaka pang'ono, pofika nthawi yoyamwitsa alowa kale m'khungu. Osatsuka, osapukuta."

"Ndiike mwana pabere losatsuka?"

"Sambani m'manja. Berelo lisiyeni, silinagone m'ndowe."

Ndachita manyazi, ndakwiya, ndalira. Mwana wanga amafota kunyumba ine ndikudyetsa mapaipi a chipatala, ndikudzitama ndi kabuku. Wes anatembenukira kuwindo, khosi lili psuu. "Inenso sindinafunse," anatero. "Ndinachita kubweretsa kalamba."

Ndakama osatsuka, dzanja likuyabwa kufuna kansalu. 70 ml. Rhonda wamumwetsa Tessa ndi kakapu kakang'ono, pang'onopang'ono. Wamwa wonse, sanabweze. Anatsekula maso n'kundiyang'ana mokwiya, nkhope ya agogo ake yeniyeni.

Masana ndawaimbira bambo.

"Wanena zimenezo ndani?"

"Dokotala ndi namwino, ababa."

"Anakamapo ng'ombe amenewo?"

"Ababa, ine si ng'ombe."

"Mankhwala ndi mankhwala, Jolene. Ine sindinakuphunzitse choncho." Anadula.

Aka ndi koyamba m'moyo wanga kusawamvera pa nkhani ya mkaka. Rhonda amafuna kundichotsa kalamba, ndakana. Si kanga komasula.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

37.0. Tessa 3,035. Wakwera ndi 15 g. N'zochepa, koma ndazilemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Rhonda wapeza chomwe chinang'amba nsonga poyamba. Tessa amangogwira kunsonga kwenikweni, n'kumatafuna. Ine ndimayesa kuyamwitsa kumawawa choncho, ndipo amene ndikanamufunsa panalibe.

"Dikirani atsekule kukamwa ngati akuyasamula. Osamuthamangira. Chibwano chifike kaye, kenaka mubweretseni msanga. Mwanayo abwere kubere, osati bere kupita kwa mwana."

Koyamba ndinaphonya, kachiwiri analuma ndinakuwa. Kachitatu wagwira. Kuwawa kulipo, koma si mpeni uja. Ndimamva akumeza, gu, gu, gu. Ndakhala ndikumva makina akumeza mkaka moyo wanga wonse, phokoso ili ndinali ndisanalimve bwinobwino.

Kumanja akuyamwa yekha. Kumanzere ndikukama, timamupatsa m'kakapu, wotsala ukupita m'firiji dzina langa litamatidwa pabotolo.

Mafuta: kasanu ndi katatu, kadontho pachala, pangonyezimira. Osapukuta ngakhale kamodzi. Si kulimba mtima kwanga kokha. Mayi Pauline atuma namwino kuti awapatse sopo ndi kansalu kanga, abisa pansi pa pilo.

"Ukakafuna ubwere udzalimbane ndi bondo lachitsuloli. Ndasunga bata m'basi ya ana makumi anayi, iwe sungandivute."

Pofika madzulo nsonga yakumanja yauma, mng'alu wayamba kutseka. Yakumanzere yasiya magazi. Tsiku limodzi lokha lopanda kansalu.

Matewera onyowa asanu ndi limodzi. Ndinamuonetsa Wes limodzi ngati chikho cha kuchionetsero cha ziweto.

Bambo sanaimbe. Atumiza msuzi, opanda mawu.

Lachitatu, 12 Febuluwale

36.8.

Ndinadzuka 5 koloko monga mwa masiku onse, nthawi yokama. Ndamuyamwitsa Tessa, ndapaka mafuta, ndakhala ndikuyang'ana wotchi. Sikelo inali ya 9. Chikwama chake chopitira mumzinda Wes anali atalongeza kale, anachisiya m'galimoto kuti ndisachione, koma ndimadziwa.

Isanakwane 9, chitseko chinatseguka. Bambo. Avala jekete ya kutchalitchi, chipewa chili m'manja, tsitsi lapesedwa ndi madzi. Munthu amene sanaponde m'chipatala chichokereni amayi.

"Ndabwera ndione sikeloyo ndi maso anga," anatero, osandiyang'ana.

"Awa ndiwo eni thanki aja?" anafunsa mayi Pauline. "Khalani pansi, bambo, mbiri yanu yatifika."

Sanakhale. Rhonda anamuvula Tessa, n'kumugoneka pasikelo. Tessa anakuwa, kukuwa kwenikweni kwa munthu wokhuta amene wasokonezedwa. Bambo anavala magalasi, n'kuwerama.

3,090.

Dokotala Pham anati mwana sapita kulikonse. Wes anangoti khu pampando, nkhope m'manja. Ine sindinalire. Ndinali nditamunyamula kale mwana wanga, ndikudzimva wamtali ngati nkhokwe ya udzu ya kwathu.

Bambo anatembenukira kwa Rhonda. "Magalamu 70 pa masiku awiri. Ndi wa mayi ake wokhawokha?"

"Wokhawokha."

"Mankhwala ali m'thupi?"

"Ali m'thupi, bambo. Anasankhidwira zomwezo."

"Ndingauone?"

Rhonda anakatenga botolo la dzulo m'firiji. Bambo analinyamula kuwindo, n'kulipendeketsa pang'ono monga amachitira ndi mkaka woyeza. Pamwamba panali mafuta okhuthala ngati chala. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mafuta alipo," anatero. "Kuposa a Nambala 14."

Amene sawadziwa bambo anga sangamve kukula kwa mawu amenewa. Nditamaliza sukulu ya zaulimi anangoti, "Ng'ombe zikudikira."

Kenaka anaika chipewa pabedi, n'kugwada. Mawondo awo analira onse awiri. Anasuntha bulangeti, n'kugwira kakolo kanga ndi manja okhakhala aja, ofunda, monga amagwirira ng'ombe yamantha.

"Ndalera mathole oposa chikwi," anatero, maso ali pa kalamba. "Kamwana aka kandigonjetsa masiku atatu. Ndimakaona kakutha m'manja mwanga." Anagwira pomangira kalambako. "Amayi ako akanakuuza tsiku loyamba lomwe. Ine ndinangokuphunzitsa zomwe ndimadziwa."

"Ndikudziwa, ababa."

Anamasula. Anakapinda bwinobwino, n'kukaika m'thumba la jekete ya kutchalitchi.

"Mkaka wako ulowe m'thanki," anatero.

Mayi Pauline anamina mwamphamvu. "Bambo Henk, mukadzuka pamenepo mubwere mundionenso bondoli. Mwina inenso mungandimasule ndizipita kwathu."

Bambo anachita kudzutsidwa ndi Wes.

Lachinayi, 13 Febuluwale

36.7. Diripi achotsa, atitulutsa lero. Mapiritsi masiku khumi, ndikuyamwitsa. Mafuta ndipitirize mpaka ululu utatha, kenaka ndichepetse pang'onopang'ono, ndipo Rhonda akufuna kundiona sabata yamawa asanandilole kupitiriza kapena kusiya. Nsonga yakumanja yapola, yakumanzere yatsala kamzere kamodzi. Tessa wayamwa mbali zonse ziwiri m'mawa uno, thaulo sindinalume.

Mayi Pauline ndawasiyira maswiti a kutchalitchi. Kansalu akana kubweza, ati sakundikhulupirirabe.

Wes ali panja akutenthetsa galimoto. Wati bambo achotsa chitini cha mafuta a ng'ombe m'bafa, abwezera kukhola.

Tessa 3,135 g.

Mkaka wa lero sindinayeze, wapita kwa mwini wake. Wotayidwa: palibe.